Kumanga koteji m'mbali mwa nyanja ku Mangochi: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri a ku Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ngakhalenso abale athu amene ali ku Joni, akapeza kangachepe amalakalaka malo ku Mangochi oti amangepo koteji yopumuliramo pa tchuthi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu oterowo amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake akukhudza gombe lonse kuchokera ku Boma kudzera ku Namiasi, Nkopola, Makawa ndi Nkhudzi mpaka ku Monkey Bay ndi Chembe, komanso tsidya lija la Malindi.

Ndapeza malo oyandikana kwambiri ndi madzi. Ndimange patali bwanji?

Musanayeze kutalika, yezani kukwera kwa malowo. Pali malo amene ali mamita 100 kuchokera pamadzi koma ali m'dambo lathyathyathya, ndipo pali ena apafupi kwambiri koma ali pathanthwe lokwera. Oyambawo ndi amene amamira.

Nyanja yathuyi sikhala malo amodzi. Chaka ndi chaka imadzaza cha mu Epulo ndi Meyi n'kuphwera cha mu Novembala ndi Disembala, ndipo kusiyana kwake kumakhala pafupifupi mita imodzi. Izi mwana aliyense wa kunyanja amazidziwa. Chimene chimapusitsa obwera ndi kukwera ndi kutsika kwa zaka zambirimbiri. Kuyambira mu 1915 mpaka 1935 nyanja idatsika zedi moti mtsinje wa Shire udaleka kutulukamo. Mu 1980 idasefukira mpaka kufika cha pa mamita 477 poyeza kuchokera pa nyanja zamchere. Kenako idabwerera, ndipo cha mu 1997 komanso mu 2016 idali pafupi ndi mamita 473. Makoteji ambiri amene tikuwaona lerowa adamangidwa m'zaka zimenezo, madzi ali kutali, mchenga uli mbee. Mvula itachuluka kwa zaka zotsatizana, kuphatikizapo ya namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, nyanja idapitirira mamita 476 mu 2024. Zipinda zogona, mabala, mipanda ndi zimbudzi zidalowa m'madzi ku Mangochi kuno, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Madzi saiwala khwawa, ndipo pamene adafika mu 1980 adzafikaponso.

Tsono chitani zinthu zitatu. Lembani saveya kuti akuuzeni kukwera kwa malo anu mu mamita, ndipo akusonyezeni pamene padutsa mzere wa mamita 477, umene bungwe loyang'anira madzi la NWRA lidakumbutsa anthu mu 2024 kuti pansi pake si pomanga. Kenako chezani ndi asodzi achikulire a pamudzipo, muwafunse pamene madzi adalekezera mu 1980. Adzakulozerani mtengo kapena mwala, ndipo mwina mudzadabwa kuti uli kumbuyo kwa pamene mumafuna kuika khonde. Chachitatu, yendani m'makoteji oyandikana nawo muone zizindikiro za madzi a 2024 pamakoma. Mukadziwa malirewo, bwereraninso mmbuyo, chifukwa mwera ukawomba mafunde amakwera kupitirira pamene madzi odikha amalekezera. Pansi pa nyumba pakwere ndi theka la mita kapena kuposerapo kuchokera padothi.

Koma ena amati ndi baraji ya ku Liwonde imene imasefukiritsa nyanja. Ikatsegulidwa vuto silitha?

Baraji ya Kamuzu, imene idamangidwa mu 1965, imathandiza kusunga madzi oyendetsera makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mphamvu yake pa nyanja ndi yochepa kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Madzi ambiri a m'nyanja amachoka chifukwa cha dzuwa ndi mphepo, ndipo gawo lotuluka mu Shire ndi laling'ono. Kutsegula zipata zonse kungamize midzi ndi minda ku Chikwawa ndi Nsanje, pamene nyanja ikutsika pang'onopang'ono chabe. Musayike nyumba yanu m'manja mwa baraji.

Nanga ndikamanga khoma lolimba la simenti lotchinga mafunde?

Khoma loimirira chilili limabweza funde ndi mphamvu yomweyo, ndipo fundelo pobwerera limakokolola mchenga wa patsinde pa khomalo. Pakapita zaka zochepa maziko amakhala m'malere, khoma limang'aluka, gombe la mchenga limene mudagulira malowo latha. Mchenga ukatha kwa inu umayambanso kudyeka kwa mnansi wanu, nayenso amamanga lake, ndipo gombe lonse limasanduka makoma.

Chimene chimagwira gombe ndi mizu. Bango, udzu wa vetiva, milaza, mikuyu ndi mitengo ina ya m'mbali mwa madzi imafooketsa funde ndi kumanga dothi. M'bangomo ndi mmene timwana ta nsomba timabisala, ndipo aliyense akudziwa mmene chambo chasowera. Ndi zoona kuti bango amasunga ng'ona komanso nkhono za likodzo, choncho lambulani kanjira ndi kamalo kosambirapo, kwinako musiye. Ndipo chonde musatape mchenga womangira pagombe lanu lomwelo. Lole iliyonse imene yachoka ndi mchenga yayandikizitsa nyanja kukhomo kwanu.

Amfumu andipatsa malo ndipo tasainirana kalata. Zakwana?

Ayi, mwangoyamba kumene. Malo ambiri a kunyanja ndi a makolo, ndipo malamulo a za malo a 2016, amene adakonzedwanso mu 2022, amafuna kuti nkhani yake idutse ku komiti ya za malo ya m'deralo, osati kwa munthu mmodzi. Fufuzani ngati banja lonse la eni malo lavomereza, chifukwa kuno mbumba ili ndi mawu pa dothi, ndipo milandu ya malo ogulitsidwa kawiri ndi yosawerengeka. Onani kuti pamalopo palibe manda, doko la asodzi kapena njira ya kumadzi. Mukatero pitani ku ofesi ya za malo mukayambe zopeza lizi, ndipo pulani ya nyumba ikavomerezedwe kukhonsolo musanakumbe. Ngati mukumanga malo ogona alendo ambiri, bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, liyenera kuunika kaye.

Amene mukuyang'ana ku Chembe ndi madera ena a kwa Nankumba, dziwani malire a Lake Malawi National Park. Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba za mbuna. Mapiri, zilumba ndi madzi oyandikira kumeneko ndi otetezedwa.

Kodi ndingamange mpanda mpaka kukafika m'madzi kuti ndizikhala mwaufulu?

Ili ndi funso limene limandiwawa mtima. Yendani m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Namiasi kulowera ku Monkey Bay, mudzaona mitunda yaitali yokhala ndi mipanda yogundizana, kumbuyo kwake kuli midzi ya anthu amene makolo awo adakokera makoka pamalo omwewo. Mayi amene ankatunga madzi pafupi ndi khomo lake tsopano amazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu. Msodzi alibe poimika bwato, alibe poyanika usipa. Inu mumabwera pa Khirisimasi ndi pa Isitala, iwo amafuna nyanjayo mmawa uliwonse.

Mpanda wanu ulekezere kumtunda, mchenga wa m'mphepete muusiye wotseguka. Siyani njira yokwana munthu wosenza katundu pakati pa inu ndi mnansi wanu, ndipo mugwirizane ndi amfumu komanso komiti ya asodzi ya pagombepo za malo oimikapo mabwato. Kunena za chitetezo, koteji imene mudzi ukuiona ngati ya mnansi imatetezeka kuposa ya khoma lalitali ndi waya wamagetsi. Nyumbayo idzakhala yokha miyezi yambiri pachaka, ndipo maso oiyang'anira ndi a anthu omwewo.

Ku Mangochi kumatentha koopsa. N'zotheka kukhala m'nyumba yopanda eyakoni?

N'zotheka, ngati kuzizira mwakuganizira nthawi yojambula pulani. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo nyumba yojambulidwa ngati ya ku Area 47, yokhala ndi zipinda zounjikana pakati, kolido yamdima ndi magalasi akuluakulu, imakhala yosagonamo.

Yambani ndi dzuwa. Lovuta kwambiri ndi la masana kulowera madzulo, lochokera kumadzulo. Amene muli tsidya la Nkopola ndi Makawa muli ndi mwayi, chifukwa nyanja ili kummawa kwanu: khonde limalandira dzuwa la mmawa, ndipo masana limakhala mumthunzi. Khoma lakumbuyo ndi limene limapsa, choncho kumeneko ikani bafa, sitolo ya katundu ndi mitengo ya mthunzi, mawindo akhale ang'onoang'ono. Ku Malindi ndi ku Chembe nkhani ndi yosiyana. Kukongola kwa kulowa kwa dzuwa kumene anthu amapitirako kumabwera ndi moto wake. Kumeneko khonde likhale lakuya mamita 3, denga lake litsike, ndipo mukhale ndi zotchinga za bango kapena nsungwi zotsitsa masana n'kuzipinda madzulo.

Kenako mphepo. Nyumba ikhale yopyapyala, chipinda chimodzi m'lifupi mwake, kuti chipinda chilichonse chikhale ndi windo kumbali ya nyanja ndi lina moyang'anizana nalo. Masana mphepo imachokera kunyanja kulowera kumtunda, usiku imatembenuka, ndipo nyumba yotere imapindula ndi zonse ziwiri. Siling'i ikwere mamita 3, pamwamba pa makoma pakhale timipata totulutsa mpweya wotentha. Mawindo onse ndi timipatato zikhale ndi waya wotchinga udzudzu, kuti muzigona mawindo ali chitsegukire. Malungo a kunyanja si nkhani yatsopano: amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo pofika 1881 matenda adawasamutsira ku Bandawe. Neti pabedi lililonse isasowe.

Makoma akunja apakeni njereza kapena penti yoyera. Pabwalo musathire konkire ponseponse, chifukwa imasunga kutentha n'kumakutulutsa usiku. Mukawonjezera fani ya kudenga m'chipinda chilichonse, usiku wambiri pachaka mudzagona bwino. Musaiwalenso kuti mu Juni ndi Julayi mwera umawomba mwamphamvu ndipo umazizira, choncho mbali ya kummwera chakummawa ikhale yotheka kutseka.

Denga la udzu kapena la malata?

Pa nkhani ya kuzizira udzu ulibe mnzake, ndipo ndalama zake zimatsalira kwa amayi omweta ndi amisiri ofolera a m'deralo. Koma ufuna kuumvetsa. Denga lipendekeke madigiri 45 kuti mvula izitsetsereka msanga, udzu ukhale wochindikala masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo pakapita zaka zingapo mmisiri abwere kudzaupesa ndi kukonza pamsonga. Mdani wake ndi moto. Khitchini ndi malo ootchera nsomba zikhale padera, mawaya a magetsi adutse m'mapaipi, udzu wa pabwalo uzidulidwa chilimwe chisanafike, ndipo pakhale chitsulo choteteza ku mphezi.

Malata nawo ali ndi ubwino wake. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho sachita dzimbiri msanga monga amachitira ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndiponso amakolola madzi a mvula. Sankhani owala, osati akuda kapena obiriwira kwambiri, ndipo pansi pake muyale pepala lonyezimira lobweza kutentha musanaike siling'i. Ambiri amachita bwino pofolera nyumba ndi malata, chisakasa chochezeramo ndi udzu.

Kaya ndi liti, mphepo ya mkuntho ya nthawi ya dzinja imasasula madenga chaka chilichonse. Denga lotsetserekera mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri. Mitengo ya denga imangiriridwe ku bimu ndi waya kapena chitsulo chokwiriridwa mu konkire. Denga la khonde likhale lodziimira palokha, kuti mphepo ikalinyamula lisapite ndi la nyumba.

Njerwa zootcha ndi zimene ndikuzidziwa. Vuto lake n'chiyani?

Vuto lake ndi nkhuni. Uvuni umodzi umadya mitengo ikuluikulu yambiri, ndipo nkhalango za Namizimu ndi Phirilongwe zili kale pampanipani chifukwa cha makala ndi nkhuni zowambira nsomba. Phiri likayera, dothi lake limatsikira m'nyanja n'kukakwirira malo oswanirana nsomba. Mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC lidatulutsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda.

M'malo mwake pali njerwa za SSB, zoumbidwa ndi dothi losakaniza ndi simenti pang'ono n'kuzipsinja pa makina. Zimauma pamthunzi, zikuthiriridwa madzi kwa masabata anayi, ndipo zikapangidwa bwino sizifuna pulasitala mkati. Makoma ake amachedwa kutentha. Koma dothi la pagombe ndi lamchenga kwambiri, ndiye muyenera kutenga dothi loyenera kumtunda ndi kuyesa njerwa zingapo musanaumbe zonse. Mabuloko a simenti ndi njira ina, yosavuta kupeza, ngakhale amadya simenti yambiri. Maziko ndi mizere yoyambirira zikhale za miyala kapena konkire, ndi pepala lakuda lotchinga chinyontho. Miyalayo isachokere m'nyanja kapena m'paki, chifukwa m'miyalamo ndi m'nyumba mwa mbuna.

Pa matabwa, musaitanitse mkungudza wa ku Mulanje, umene watsala pang'ono kutheratu, ndipo mlombwa kapena mbawa wopanda chiphaso cha a zankhalango muukane. Paini ndi bulugamu wothiridwa mankhwala amagwira ntchito yomweyo.

Zivomezi ndi chiswe ndizidere nkhawa?

Inde, zonse ziwiri. Nyanjayi ili m'chigwa chimene dziko lidang'ambika, ndipo chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zidagwetsa nyumba zambiri. Mchenga wonyowa umagwedezeka kuposa dothi lolimba. Nyumba ikhale yosanja kamodzi, yopepuka kumwamba, yokhala ndi bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira makoma onse, ndipo mawindo asayandikire kwambiri pangodya. Yosanjikiza isamangidwe popanda injiniya. Za chiswe, thabwa lililonse lisakhudze dothi, nsanamira za khonde zikhale pa timiyendo ta chitsulo kapena konkire, ndipo kuzungulira nyumba kukhale koonekera kuti mizere ya chiswe muziiona isanafike kudenga.

Chimbudzi ndichikonze bwanji?

Apa ndi pamene makoteji okongola ambiri amalakwira nyanja mobisa. Pagombe madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, ndipo mchenga susefa mokwanira. Zonyansa zotuluka m'thanki ya chimbudzi zikalowa m'dzenje lomwera lokumbidwa pafupi ndi gombe, zimakathera m'madzi amene ana anu akusambiramo ndipo mudzi ukumwa. Nyanja itasefukira mu 2024, matanki ena adamira athunthu. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri.

Thanki ikhale kumbuyo kwa nyumba, kumbali ya kumtunda, yomangidwa yosadontha, ndipo dzenje lomwera likhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pachitsime, pamjigo ndi pamalire a madzi osefukira. Kumene madzi a pansi ali pafupi kwambiri, m'malo mwa dzenje lakuya yalani mapaipi obowola m'ngalande zosazama za miyala pamalo okwezedwa ndi dothi, pamwamba mudzalepo nthochi. Njira ina ndi chimbudzi cha manyowa cha zipinda ziwiri chomangidwa pamwamba pa nthaka, chothiramo phulusa ndi dothi. Chipinda chimodzi chikadzaza chimatsekedwa kwa miyezi 6 mpaka chaka uku mukugwiritsa ntchito chinacho. Sichifuna madzi ndipo sichikhudza nthaka.

Mlonda ndi banja lake, komanso amisiri pa nthawi yomanga, akhale ndi chimbudzi chabwino kuyambira tsiku loyamba. Likodzo limapitirira chifukwa cha mkodzo ndi chimbudzi cholowa m'madzi, ndipo munthu wopanda kolowera amapita kubango.

Madzi akumwa ndiwapeza kuti?

Kumene mapaipi a Southern Region Water Board afika, lumikizani. Kwina mjigo umathandiza, koma m'madera ena a kunyanja madzi ake amakhala amchere, choncho funsani anansi musanalipire okumba. Kupopa madzi m'nyanja kapena kukumba mjigo kumafuna chilolezo cha NWRA. Madzi a m'nyanja akhale m'thanki masiku awiri musanasambe, chifukwa tizilombo ta likodzo timafa tikasowa munthu kwa nthawi imeneyo. Akumwa asefedwe ndi kuthiridwa kolorini kapena kuwiritsidwa. Osambira m'nyanja kawirikawiri azipita kuchipatala kukayezetsa, mankhwala a praziquantel alipo.

Mvula musaitaye. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweyamita imodzi ya malata imapereka lita imodzi. Denga la masikweyamita 100, chaka chimene kwagwa mamilimita 800, lingakolole malita pafupifupi 80,000. Mvula yoyamba muziitaya kaye kuti itsuke fumbi, ndipo thanki ikhale yovindikira bwino kuti isaswetse udzudzu.

Magetsi a ESCOM kapena sola?

Dzuwa ku Mangochi ndi losasowa, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Nyumba yozizira mwachilengedwe imafuna magetsi ochepa: mababu, mafani, fuliji ndi pampu ya madzi. Sola yapakatikati imakwanitsa zimenezi, pamene eyakoni, giza ndi chitofu cha magetsi zimachulukitsa mtengo kangapo. Madzi osamba atenthetsedwe ndi giza ya dzuwa, kuphika kukhale kwa gasi m'malo mwa makala. Mabatire muwaike m'chipinda chozizira, chopita mphepo ndi chokiyika, chifukwa kutentha kumafupikitsa moyo wake. Nyali zapanja zikhale zochepa, zoloza pansi ndi zotalikira pakhomo, popeza kuwala kumaitana tizilombo touluka.

Ndimange yaikulu bwanji?

Yocheperapo kusiyana ndi imene mwajambula. Kunyanja anthu amakhala pakhonde kuyambira mmawa mpaka usiku, kuchipinda amangolowa kukagona. Ndalama za balaza lalikulu zipite kukhonde. Ngati banja ndi lalikulu, mangani timanyumba tiwiri kapena titatu tapadera pakati pa mitengo imene mwaipeza, m'malo mogwetsa mlambe kapena bwemba kuti chinyumba chimodzi chikwane. Mungayambe ndi kamodzi, tina n'kudzawonjezera. Nyumba yotsekedwa miyezi yambiri imakhala ya mileme, mavu ndi nkhungu, ndiye mipata yonse ya kudenga itsekedwe ndi waya, ndipo wosamalira aziitsegula sabata iliyonse. Nyumba ya wosamalirayo ijambulidwe pa pulani yomweyo, yokhala ndi mawindo, mthunzi ndi madzi.

Ndiyambe mwezi uti?

Malo mukawaone mu Epulo kapena Meyi, nyanja itadzaza, ndipo ngati n'kotheka muwaonenso mu Febuluwale kuti mudziwe kumene madzi a mvula ochokera kumapiri amadutsa komanso ngati msewu umapitika. Amene amagula mu Novembala amaona gombe lalikulu limene theka lake ndi la nyanja. Maziko akumbidwe mvula ikangotha, udzu wofolera ugulidwe mu Juni ndi Julayi ukangomwetedwa, ndipo denga likhale litatha pofika kumapeto kwa Okutobala. Konkire ndi njerwa za SSB m'nyengo yotenthayi zimafuna kuthiriridwa mmawa ndi madzulo, choncho thanki ya madzi ifike pamalopo simenti isanafike. Mitengo ndi vetiva mudzale mu Disembala, mvula ikakhazikika, ndipo mbande iliyonse muitchingire chifukwa cha mbuzi.